Chithunzi cha mlatho chomwe chinatidyera sabata

Ntchito yanga ndi yosankha ndi kuvomereza zithunzi zoika pa tsamba lathu la nkhani. Anzanga amanditcha wapolisi wa zithunzi, ndipo sanena moyamikira ayi.

Lolemba ndisanakhazikike n'komwe pampando ndinapeza imelo yochokera ku kampani ina yoimira ojambula. Akuti chithunzi cha mlatho chomwe chili pa nkhani yathu ya mu 2019 ndi cha munthu wawo, tinachiika popanda chilolezo, ndipo tilipire. Bwana mkonzi atawerenga anangoti, "Chichotseni, nkhani ithere pomwepo." Ndinati, "Bwana, kuchotsa tichotsa lero lomwe, koma zaka zonse chakhala pamenepo sizifufutika ndi batani."

Makalata otere ena amakhala a akamberembere, choncho ndinayamba ndafufuza. Chithunzicho ndinachiponya pa TinEye, kenako pa Google Lens, zida zosakira komwe chithunzi chikupezeka pa intaneti, ndipo chinatulukira pa tsamba la wojambulayo, chachikulu, chowala bwino, dzina lake lili pakona yakumunsi. Chathu chinali chodulidwa: mizati ya mlatho ikuthera m'malere, madzi osaoneka. Wina anadula dala pomwe panali dzinapo. Chomwe sanadziwe n'chakuti fayilo ya chithunzi imanyamula zolemba zobisika, za IPTC, momwe ojambula amaikamo dzina lawo. Nditatsekula, dzina lija linali phee m'katimo, mu fayilo yathu yomwe, pa kompyuta yathu yomwe.

Yemwe anachiika anasiya ntchito kalekale. M'kaundula anangolemba kuti "Gwero: Google".

Mawu amenewa ndi omwe anatidyera tsiku lonse Lachiwiri, chifukwa mnyamata wathu wophunzira ntchito sankaona cholakwa. "Koma achimwene, pajatu panalibe chizindikiro cha ©," anatero. Ndinamuuza kuti chizindikirocho si chimene chimapatsa munthu umwini. M'mayiko omwe anasaina pangano la Berne, lomwe linayamba mu 1886, chithunzi chimakhala cha wojambula pomwe wadina kamera, popanda kukalembetsa kulikonse. M'mayiko ambiri umwiniwo umapitirira zaka 50 iye atamwalira, ku United States ndi mayiko a European Union zaka 70. Google imangokulozera komwe chinthu chili, siyigawa za eni.

"Nanga tikangolemba dzina lake kumunsi?" Funso limeneli ndalimva kosawerengeka, ngakhale kwa akuluakulu. Ukatenga njinga ya munthu osapempha, n'kumauza aliyense panjira kuti ndi ya uje, mwiniwake akuyendabe wapansi. Dzina ndi ulemu chabe, chilolezo n'china. Mnyamatayo anaseka, koma ndinaona kuti akubwerera mwakachetechete ku nkhani yake ya dzulo lake.

Lachitatu linali la Creative Commons, malayisensi omwe mwini chithunzi amalolera nawo anthu kuchigwiritsa ntchito ulere bola atsate malamulo ake, omwe anayamba kutuluka mu 2002. Anthu akaona zilembo za CC amaganiza kuti atola chikwama. Mtolankhani wina anabweretsa chithunzi chokongola cha njuchi cholembedwa CC BY-NC. BY ikutanthauza kuti utchule mwini wake, NC ikutanthauza kuti osachitira malonda, pomwe tsamba lathu lili ndi zotsatsa pamwamba ndi m'mbali momwe. Ndinachikana. Tinapeza china pa Wikimedia Commons, nkhokwe ya zithunzi zaulere pa intaneti, cha CC BY 4.0, n'kulemba dzina la wojambula, dzina la layisensi ndi linki yake, ndiponso kuti tachidula pang'ono. Layisensi ya 4.0 ndimaikonda chifukwa ukalakwitsa imakupatsa masiku 30 okonza kuchokera pomwe wazindikira cholakwacho. Zakale, monga 2.0, zilibe chifundo chimenecho.

Lachinayi madzulo nyumba ina yaikulu inapsa, ndipo chithunzi chabwino koposa chinali pa Facebook ya mayi wina. Aliyense mu ofesi ankachifuna nthawi yomweyo. Bwana anati, "Achiika okha poyera, vuto lili pati?" Ndinawakumbutsa za Daniel Morel, yemwe anajambula chivomerezi cha ku Haiti mu 2010, zithunzi zake n'kufalikira kudzera pa Twitter. Makampani ogulitsa zithunzi a AFP ndi Getty Images anazigawa popanda chilolezo chake, ndipo mu 2013 khoti la ku New York linagamula kuti amulipire madola 1.2 miliyoni. Bwana anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kunena kuti, "Afunseni msanga."

Ndinawalembera mayiwo. Funso langa loyamba silikhala lakuti "tingagwiritse ntchito?" koma lakuti "munajambula nokha?" Anayankha mwachangu kuti tingotenga, palibe vuto, kenako n'kuwonjezera kuti anachilandira pa WhatsApp kuchokera kwa mchimwene wawo. Ndiye kuti akupereka chomwe si chawo. Tinatha mphindi 40 tikusaka mchimweneyo, anzathu a masamba ena atachiika kale. Atapezeka anavomera, bola dzina lake lilembedwe. Uthenga wakewo ndinaujambula n'kuusunga mu foda imodzi ndi chithunzicho. Kunena zoona, kuchedwako kunandiwawa nanenso.

Za mlatho zinatha Lachisanu. Loya wathu analankhula ndi kampani ija, tinavomera kulakwa, ndalama zinatsikako, tinalipira. Wojambulayo anatumiza yekha kauthenga kakafupi: tikanamupempha mu 2019 akanatipatsa pamtengo wochepa kwambiri, chinamupweteka n'kudulidwa kwa dzina.

Anthu atayamba kuweruka ndinatsekula kaundula uja n'kusaka mawu akuti "Gwero: Google". Anatuluka malo 63. Ndinaitana mnyamata wophunzira ntchito uja, ndinamukokera mpando, tinayamba ndi choyamba.