Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Kusamutsa agogo ku Ndirande

M'gawo lapitali ndinafotokoza za maliro a agogo aamuna ndi momwe agogo aakazi anatsalira okha m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Ndirande. Miyendo yawo itayamba kutupa, moti ngakhale madzi akumwa ankadalira ana a aneba kuti awatungire, amalume monga mwini mbumba anasonkhanitsa abale, ndipo tinagwirizana kuti agogo abwerere kwawo ku Lirangwe, kumene mayi anga aang'ono akanatha kuwayang'anira usana ndi usiku. Ntchito yolongedza katundu inagwera ine ndi msuweni wanga.

Nyumba yomwe ndinkaidziwa kuyambira ndili mwana ndinaiona mwatsopano titakoka bedi. Pansi pake panali mabotolo a Sobo otsukidwa bwino, zigubu za mafuta ophikira, majumbo opindidwa mosamala n'kuunjikidwa m'thumba la feteleza, mbaula zobooka, pulayimasi yadzimbiri, komanso wailesi ya Nzeru imene inasiya kulankhula kalekale. Msuweni wanga ananena motsitsa mawu kuti zonsezi n'zinyalala zofunika kutentha, koma makutu a agogo anali akuthwa kuposa miyendo yawo.

"Amuna anga," anatero akuyang'ana ine, poti ndimo ankanditchulira, "inu munabadwa chimanga chili m'nkhokwe. Ine njala ya 1949 ndinaiona ndili kamtsikana, ndipo ndinaona anthu akukumba mizu kutchire kuti adye. Chinthu chimene chingasunge madzi kapena ufa sichitayidwa."

Mawu amenewa ndinawamva mumtima, chifukwa kusunga kwawo sikunali umbombo ayi. Munthu amene anaona kusowa kotere satha kukhulupirira kuti mawa kudzakhala botolo lina.

Chimene chinatichedwetsa kwambiri ndi sutikesi yachitsulo imene agogo aamuna anabwera nayo kuchokera ku Joni. Agogo anamasula kiyi wake pa mfundo ya chitenje n'kutsegula okha. Pamwamba panali mapepala a Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya kumigodi ya ku Joni, ndipo anatikumbutsa kuti amuna awo anabwerera kumudzi ndege ya anthu a kumigodi itagwa ku Francistown mu 1974, pamene Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito imeneyi. Pansi pake panali makhadi a chipani, omangidwa ndi mphira chaka ndi chaka. Msuweni wanga, yemwe anabadwa zipani zitachuluka kale, sankamvetsa kuti kapepala kotere kankatsegulira munthu chipata cha msika ndi chitseko cha basi, mpaka agogo atamufotokozera momwe achinyamata a chipani ankaimira pakhomo kufunsa khadi. M'kachitini ka fodya munali makobiri obooka pakati a nthawi ya chitaganya ndi mashilingi amene anasiyidwa kwacha itabwera mu 1971. Sutikesiyi sitinachotsemo kanthu.

Za mabotolo ndi zigubu zija, njira anaipeza ndi agogo eni ake. Kutaya ankakana, koma kupatsa munthu wodziwika ankavomera mosavuta. Anatituma kukaitana mayi wina wogulitsa thobwa, amene anatenga mabotolo onse akuthokoza. Majumbo anapita kwa mtsikana wogulitsa tomato pamseu, ndipo mbaula, pulayimasi ndi malata akale tinakapereka kwa amisiri osula zidebe kumsika wa Ndirande. Chinthu chilichonse agogo ankayamba achigwira, n'kunena kumene chinachokera, kenako n'kuchipereka ndi manja awiri. Zimenezi zinatenga nthawi yaitali kuposa momwe amalume ankafunira, koma ine ndimaona kuti umu ndimo zinayenera kuchitikira, popeza wosamukayo anali iwo ndipo katunduyo anali wawo. Zokatentha kudzala zinatsala zochepa: nsanza, mabatire otha ndi mphasa zodyedwa ndi chiswe.

Tsiku losamuka amayi a kumpingo anabwera m'mamawa kudzatsanzikana nawo ndi pemphero. Tinakweza bedi, mtondo ndi munsi, mipando iwiri ndi sutikesi ija pa lole yahayala, agogo n'kukhala kutsogolo atafungatira wailesi yawo, imene anakanitsitsa kuipereka kwa aliyense. Tinadutsa ku Chirimba, pa Kameza ndi pa Lunzu, ndipo dzuwa lisanafike pamutu tinali titafika ku Lirangwe, kumene mayi aang'ono anali atazira kale chipinda n'kutereka madzi osamba.

Nyumba ya ku Ndirande itatsala yopanda munthu, panabuka nkhani ya amene ayenera kukhalamo, ndipo imeneyi ndidzaifotokoza m'gawo lotsatira.