Ka GPS kanga kabwerera ku 2005

Ndinayatsa ka GPS kanga kam'manja kaja, kamene ndimasungira njira ndikamayenda, malo kakulondola bwinobwino, mapu ali bhobho, koma deti pa sikirini ikuti tili mu 2005. Ndinachotsa mabatire n'kubwezeramo, ndinapanga reset kawiri konse, ayi ndithu. Zinandiwawa kwambiri chifukwa maulendo onse a sabata imeneyo analowa ndi madeti olakwika, ndikawaika pa kompyuta akukakhala pansi penipeni pa mndandanda ngati ndinayenda zaka 20 zapitazo.

Komatu kachipangizoka sikanafe ayi. Nkhani yagona pa mmene masetilaiti a GPS amawerengera nthawi. Iwo satumiza kuti lero ndi tsiku lakuti mwezi wakuti, amangotumiza nambala ya sabata, kuwerenga kuchokera pa 6 January 1980, ndi masekondi a m'sabatamo, deti amaipanga ndi chipangizo chako. Ndiye nambala ya sabatayo anangoipatsa malo a ma bit 10 basi (bit ndi kamalo kosunga 0 kapena 1), ikafika pa 1023 imayambiranso pa 0 ngati mita ya makilomita ya galimoto yakale ikadzadza. Masabata 1024 ndi zaka 19 ndi miyezi 7 ndi kakuti. Zinachitika koyamba mu August 1999, kachiwiri pa 6 April 2019, ndipo zidzachitikanso mu November 2038.

Nanga kanga kabalalika bwanji pano osati 2019? Opanga ambiri amalemba mu firmware (pulogalamu ya mkati mwa chipangizo) sabata yoyambira yawoyawo, ya nthawi imene ankapanga pulogalamuyo, ndiye chipangizo chimawerenga masabata 1024 kuchokera pamenepo, chilichonse chili ndi tsiku lake lodzasokonekera. Mu January 2022 mawotchi a m'magalimoto ena a Honda anabwerera ku 2002, vuto lake ndi lomweli.

Chimene chikundikwiyitsa ine n'choti mankhwala ake ndi ka update kakang'ono chabe, koma opanga anasiya kalekale kutulutsa ma update a mtundu wangawu. Chinthu chabwinobwino, mabatani onse akugwira, siginolo chikukoka msanga, mpaka ndichitaye chifukwa cha kalendala? Masetilaiti atsopano ali ndi mtundu wina wa uthenga wotchedwa CNAV, umene umapatsa nambala ya sabata ma bit 13, okwana masabata 8192, zaka pafupifupi 157, koma kanga sikamva chilankhulo chimenecho.

Panopa faelo iliyonse ndikaikopera pa kompyuta ndikumawonjezera masiku 7168 (masabata 1024 aja) pamanja, deti n'kubwerera m'malo mwake.