Mapanga a m'mutu mwanga

Mphuno yanga ya kumanzere itatsekeka kwa nthawi yaitali, dokotala wa mphuno, makutu ndi pakhosi wa ku Avenues, mumzinda wa Harare, ananditumiza kukajambulitsa mutu pa makina a CT, ponena kuti sangalowetse chitsulo m'mphuno mwa munthu asanaone mmene mafupa ake anakhalira. Zithunzizo anandipatsa Lachisanu pamene dokotala ndimayenera kukaonana naye Lachiwiri, ndipo mtima utakana kudikira, ndinazisolola mu kombi yopita ku Mufakose n'kuziyang'ana pawindo.

Ndinaona mabowo akuda bii, awiri aakulu m'masaya, ena pamphumi, ndi ena ang'onoang'ono pakati pa maso onga zisa za njuchi, moti ndinatsimikiza kuti chinachake chandidya m'kati. Madzulo ndinaitanitsa abale, ndipo malume, amene amawerengedwa ngati odziwa zachipatala chifukwa anagonekedwako kawiri, anavala magalasi, nagwira chithunzi chozondoka, napukusa mutu n'kunena kuti, "Mphwanga, konza zako." Usiku womwewo ndinagawa katundu, ndipo suti yanga yaukwati inapita kwa alamu anga, amene analira mokweza kuposa aliyense uku akuyesa jekete.

Lachiwiri dokotala anandimvetsera mpaka kumapeto osaseka, zimene ndimamulemekezera mpaka lero. Anandifotokozera kuti munthu amakhala ndi magulu anayi a mapanga otere mbali zonse ziwiri za nkhope, ndipo kuda kwake pachithunzi ndi mpweya, umene ndi umboni wakuti phangalo lili bwino. Malo otuwa, amene ine ndi malume tinawayamikira kuti ndiwo atsala amoyo, ndiwo anali odzaza mamina.

Chimene iye amafuna kuona chinali kusiyana kwa kapangidwe, pakuti mapangawa safanana mwa anthu onse. Khoma logawa mphuno yanga linapindikira kumanzere, ndipo kumanja kafupa kapakati kanali kofufuma ndi mpweya, zimene amazitcha concha bullosa. Anayang'ananso ngati ndili ndi kaphanga kotchedwa Onodi, kamene kamagundana ndi mtsempha wa diso, kotero kuti dokotala wosakadziwa angathe kuchititsa munthu khungu. Kenaka anayeza kuya kwa denga la mphuno, pamene kafupa kopyapyala kamalekanitsa mphuno ndi ubongo, potsata magulu atatu amene katswiri wina dzina lake Keros anawalongosola mu 1962. Ine ndinapezeka m'gulu lachiwiri, la mamilimita 4 mpaka 7, pamene oopsa kwambiri ndi a gulu lachitatu, la mamilimita 8 mpaka 16.

Opaleshoni inayenda bwino, koma nkhani ya suti inavuta, popeza alamu anati chinthu choperekedwa pamaso pa mboni sichibwezedwa, ndipo malume, pokhala mboni yaikulu, anagwirizana nawo. Tsiku lodzandizonda kuchipatala alamuwo anabwera atavala suti yomweyo, atapinda manja a jekete, nandifunsa mwaulemu ngati dokotala watsimikizadi kuti ndichira, chifukwa nsapato za sutiyo zinali zidakali kwathu.