Mawu a bambo atasasa: njira imene tinayenda mpaka ku Pari

Bambo anga ndi amene ankayambitsa nyimbo pamaliro ndi pamapemphero a m'dera, mumpingo wathu wa CCAP kuno ku Harare. Mawu awo atasasa, aliyense anabwera ndi yankho lake. Ena ankati ndi mphepo ya June, ena fumbi la ku Mufakose, ena ankati achulutsa kuimba pamaliro a usiku. Anamwa mandimu ndi jinja, anafukiza masamba a bulugamu, koma mawu osabwerera. Sankamva kupweteka kulikonse, nsima ankameza bwinobwino, ndipo n'chimene chimanyenga anthu ambiri pa matenda amenewa. Madokotala a makutu, mphuno ndi mmero amanena chinthu chimodzi chosasintha: mawu akasasa kupitirira milungu 3, makamaka kwa munthu wosuta fodya kapena womwa mowa, kholingo liyenera kuonedwa ndi maso. Kumvetsera ndi khutu kapena kuunika kukamwa ndi tochi sikukwanira, chifukwa pamene pamatuluka mawu ndi pansi kwambiri.

Tinayambira kukliniki ya khonsolo, poti zipatala zikuluzikulu zimafuna kalata yochokera kumeneko. Namwino atafunsa za fodya, bambo anayankha moona. Anabadwira pafamu ya fodya cha ku Mvurwi, makolo awo ochokera ku Dedza, ndipo anayamba kupichira chingambwe ali kamnyamata kosamera ndevu. Anawatenga makhololo kukayeza chifuwa chachikulu, anawayeza HIV, n'kuwatumiza kukajambula X-ray ya pachifuwa. Poyamba ndinkaona ngati tikuzungulira, koma zili ndi chifukwa chake: TB imatha kukhala m'kholingo n'kusasitsa mawu chimodzimodzi, ndipo kuno kwathu si matenda achilendo. Zonse zitatuluka zabwino, anatilembera kalata yopita kwa madokotala a makutu, mphuno ndi mmero (ENT) ku chipatala chachikulu cha Parirenyatwa, chimene timangoti Pari.

Ku Pari mumalawirira. Tengani chitupa, kalata, buku la odwala, zithunzi za X-ray ndi pepala lililonse limene munapatsidwapo, zonse m'chikwama chimodzi cha pulasitiki chosalowa madzi. Ine ndinkajambulanso pepala lililonse pafoni. Khomo lililonse limene mungagogode lidzakufunsani zimene khomo lapitalo linapeza, ndipo wosunga mbiri yonseyo ndinu. Tenganinso madzi, kachakudya, ndi munthu wachiwiri womvetsera. Bambo Chishona amachimva ndithu, koma mantha akawagwira amabwerera ku Chichewa, choncho ine ndinkakhala pambali pawo kumasulira ndi kulemba.

Dokotala anayamba ndi kupapasa khosi, kuyambira kuseri kwa makutu mpaka pamwamba pa mapewa, kufufuza mwanabere. Kenako anawapopera mankhwala ochititsa dzanzi m'mphuno, n'kutenga kachingwe kakuda kopyapyala kokhala ndi nyali kunsonga. Anakalowetsa pang'onopang'ono pamphuno, bambo misozi ili chuchuchu, manja atagwira mpando. "Sekuru, nenani kuti iii," anatero dokotala. Bambo anayesa, kunangotuluka mpweya wokwekwereza. Atakatulutsa, dokotala anajambula pabuku timinofu tiwiri toima ngati chilembo cha V, timene timagundana munthu akamayankhula, n'kuika kadontho pa kakumanzere. Pamenepo panali kachotupa koyera ngati njerewere. Zonsezi sizinatenge mphindi 5. Bambo atapukuta maso anandifunsa, "Mwana wanga, basi zatha?"

Sizinathe, chifukwa diso silingatsimikize khansa. Pankafunika biopsy, kutsina kanyama pa chotupacho n'kukayeza ku labotale. Izi zimachitikira ku fiyeta munthu atagonetsedwa, kudzera pakamwa, osang'amba khosi. Amauzidwa kuti asadye kuyambira pakati pa usiku. Apa m'pamene abale anayamba kuimba mafoni. Azakhali anandiuza mosabisa kuti, "Khansa ikakhudzidwa ndi chitsulo imalusa, musawapereke achimwene anga." Ndimawamvetsa, anaikapo anthu m'manda. Koma anthu amene iwo ankawakumbukira anafika kuchipatala matenda atafala kale, mpeni n'kungosenza mlandu. Popanda pepala la ku labotale palibe dokotala angayambe chithandizo cha khansa, ndipo m'poyenera kutero. Musanachoke mu wodi, funsani kumene kanyamako kapita, nambala yake, ndi tsiku lobwera kudzamva zotsatira.

Pepalalo linabwera litalembedwa squamous cell carcinoma, mtundu umene umapezeka kwambiri m'kamwa, kummero ndi m'kholingo. Anatitumiza kukajambulitsa CT scan ya khosi ndi pachifuwa, ndipo inasonyeza kuti khansayo inali pa kamnofu kamodzi basi, sinafike ku mwanabere. Dokotala anatifotokozera mwayi umene tinali nawo. Pa timinofu ta mawu, kachotupa kakang'onong'ono kamasintha mawu msanga, komanso khansa ya pamenepo imachedwa kufalikira. Ikapezeka pa siteji yoyamba, pafupifupi anthu 9 mwa 10 aliwonse amachira. Khansa zina za m'mutu ndi m'khosi sizilira msanga chotero. Ya kuseri kwa mphuno imatha kuonekera ndi khutu limodzi lotsekeka, kamfuno kobwerezabwereza, kapena chotupa chosapweteka m'khosi. Ya pa lilime imayamba ngati chilonda chosapola.

Pamzere wa kuchipinda cha radiotherapy, chithandizo chowombera khansa ndi cheza chimene anauza bambo anga kuti alandire, tinakumana ndi bambo wina amene anachotsedwa kholingo lonse. Ankapumira pa bowo la pakhosi lophimbidwa ndi kansalu koyera, ndipo pofuna kutipatsa moni analemba pafoni n'kutisonyeza. Anali wansangala, wamoyo, ndipo opaleshoniyo ndiyo inamupulumutsa. Koma bambo anga anakhala chete mpaka tinakwera kombi. Usiku womwewo anandipatsa kathumba kawo ka fodya n'kunena kuti, "Katayeni kuchimbudzi." Dokotala anali atawauza kale kuti kusuta pa nthawi ya chithandizo kumachepetsa mphamvu yake ndipo kumakulitsa zilonda za kummero.

Asanayambe radiotherapy, dokotala wa mano anawaona kaye. Kwa iwo sikunafunike kuzula, poti malo owomberedwawo anali aang'ono, pakholingo pokha. Anzawo a khansa ya m'kamwa ndi pa lilime amazulidwa mano ovunda chithandizo chisanayambe, chifukwa fupa la nsagwada likadutsidwa ndi cheza limavuta kupola. Kenako kunabwera chigoba. Amaviika pepala la pulasitiki la timabowo m'madzi otentha, likafewa amaliyala pankhope ndi pakhosi, n'kulikanikiza mpaka liume motsatira maonekedwe a munthuyo. Tsiku lililonse amalimangirira pabedi kuti mutu usasunthe ngakhale pang'ono. Bambo ankachita befu m'menemo. Mtsikana wogwira ntchito pa makinawo anawalangiza kuti atseke maso, apume ndi mphuno, aziimba nyimbo imodzi chamumtima, ndipo akafuna kuti aimitse akweze dzanja, poti amawaona pa kamera. Zinathandiza.

Chithandizocho chimaperekedwa Lolemba mpaka Lachisanu, kwa milungu pafupifupi 6. Makinawo sapweteka, satentha, ndipo munthu satuluka ndi cheza m'thupi, zidzukulu zikhoza kukhala pamwendo pake madzulo omwewo. Milungu iwiri yoyamba bambo ankati sakumva chilichonse. Kuyambira wachitatu zinthu zinasintha. Khungu la pakhosi linada n'kuyamba kusupuka, kumeza kunasanduka ntchito, ndipo mawu anasasa kuposa kale. Nthawi yoopsa ndi imeneyi, chifukwa aliyense woona amati chipatala chikumuwononga munthu. Kunabwera wina ndi mizu, wina ndi madzi a kwa mneneri. Bambo nawonso tsiku lina anakana kuvala nsapato: "Ndatopa ine, ndisiyeni ndipume sabata ino." Ndinagwada pafupi nawo n'kuwauza zimene dokotala ananena, kuti masiku odumphidwa amapatsa khansa mpata wophukiranso, ndipo ululu uwu unali woyembekezeka. Mapemphero tinawalandira ndi manja awiri. Mizu ndinaibweza, chifukwa mmero wa zilonda sufuna zowawa zosadziwika.

Nsima tinaisiya kaye. Tinkawapatsa phala lamadzimadzi lothira chiponde ndi mkaka, mazira ofewa, mbatata yopota, mapeyala, mahewu osasasa, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Tsabola, malalanje ndi tiyi wotentha kwambiri ayi. Mankhwala opha ululu ankamwa theka la ola asanadye, ndipo ankasukusa m'kamwa ndi madzi ofunda othira kamchere ndi soda. Pakhosi sankameta kapena kukwecha, ndipo tinkapaka mafuta okhawo amene anamwino anavomereza. Muzionetsetsa sikelo. Munthu akaonda kwambiri chigoba chija chimakhwepa, ndipo ululu ukakula nenani msanga, alipo mankhwala amphamvu.

Za ndalama sindingakunamizeni kuti n'zopepuka. Sikani, labotale, mankhwala ndi kombi ya tsiku ndi tsiku zimadya thumba. Achimwene ankatumiza kuchokera ku Johannesburg, amayi a kumpingo anasonkha, ndipo chilichonse ndinkafunsa mtengo wake pasadakhale. Pitani kwa a social worker a pachipatala, pitaninso ku Cancer Association of Zimbabwe pa Livingstone Avenue, kumene amapereka uphungu kwa odwala ndi owasamalira. Kwa amene ululu wawakulira kunyumba kuli Island Hospice, imene yakhala ikugwira ntchito imeneyi kuyambira 1979. Zipatala za boma zochita radiotherapy m'dziko muno ndi ziwiri, Parirenyatwa ndi Mpilo ya ku Bulawayo, choncho pamzere mumapeza anthu a ku Mutare, Kariba ndi Masvingo amene akugona kwa abale. Ife a mu Harare ngati tili ndi chipinda, tiwasunge.

Mmero unatenga milungu ingapo kuti upole chithandizo chitatha. Panopa bambo amapita kukaonedwa ndi kachingwe kaja miyezi ingapo iliyonse, ndipo azitero kwa zaka 5, pafupipafupi m'zaka ziwiri zoyambirira poti m'pamene khansa imakonda kubwerera. Amawayezanso magazi kuona mmene chithokomiro chikugwirira ntchito, chifukwa cheza cha pakhosi chimatha kuchifooketsa patapita nthawi. Anatiuza kuti mawu akasinthanso, kupuma kukayamba kuvuta, khutu likamapweteka kapena m'khosi mukatuluka chotupa, tisadikire tsiku lolembedwa pakhadi, tipite sabata yomweyo.