Tayala linatha mkati, kunja likuoneka latsopano

Galimoto imene imandidyetsa kuno ku Joni ndi Corolla Quest ya 2016. Ndimanyamuka ku Rosettenville kusanache, kukatula anthu ku bwalo la ndege la OR Tambo, ku Sandton, kulikonse kumene foni yandilozera. Mu February, mvula ili pakati, ndinagwera m'dzenje lodzaza madzi mumsewu wina wa ku Turffontein. Kunamveka kuti guu! mpaka chiwongolero kundigwedeza manja. Nditatsika ndinapeza tayala silinaphulike, limu ili bwinobwino, ndiye ndinapitiriza ntchito.

Patatha masabata angapo ndinaona kuti ndikamayenda molunjika pa M1, chiwongolero chikumakhala chopendekera kumanzere. Matayala akutsogolo anali atatha kale, choncho ndinagula awiri atsopano, n'kuchititsa alignment (kuwongola mmene matayala alozera) pamalo pomwepo. Ndinalipira, anandipatsa pepala la manambala obiriwira okhaokha, osonyeza kuti zonse zili bwino, mtima unakhala pansi.

Miyezi itatu isanakwane ndinadzera kwa mlamu wanga, yemwe ndi makaniko cha ku Jules Street ku Malvern. Ndinangopita kukapereka moni. Iye anayang'ana galimoto kamodzi n'kunena kuti, "Alamu, tapindani chiwongolerocho mpaka chifike kumapeto." Nditapinda anandigwira dzanja n'kuliyendetsa m'mphepete mwa tayala, mbali yamkati imene munthu suiona ukaima panja. Panali see, ndipo pena mawaya anali atayamba kubaya. Kunja mizere inali yakuya ngati ndagula dzulo. Zinandiwawa, chifukwa ndalama ya matayala amenewo ndinachita kudula pa imene ndimatumiza kwa amayi ku Balaka. Komanso sabata yomweyo ndinali nditanyamula mayi wina ndi ana awiri pa N12 kukugwa mvula.

Mlamu anaika jeke, tayala n'kulendewera. Anandiuza kuti ndiligwire uku ndi uku, pamene pamakhala 3 ndi 9 pa wotchi, ndiligwedeze. Linachita gwedegwede, kumamveka ka "tok tok". Ndiye anati ndigwire pamwamba ndi pansi, pa 12 ndi 6. Apo linali nga. "Bearing ndi ball joint zilibe mlandu," anatero. "Wakupwetekani ndi tie rod end."

Tsiku limenelo ndi limene ndinamvetsa mmene chiwongolero chimafikira ku matayala. Ukachipinda, kagiya kakang'ono kamakankha chitsulo chamano chogona chopingasa, chimene amati rack. Mbali zonse ziwiri za rack kuli rack end, kenako tie rod end, imene ndi mfundo yozungulira ngati ya paphewa, yokhala m'girisi, yotchingidwa ndi kampira. Kampirako kakang'ambika, girisi amatuluka, madzi ndi mchenga zimalowa, mfundo ija n'kuyamba kusewera. Yanga iyenera kuti inali itatopa kale, dzenje lija linangoimaliza.

Tsono apa ndi pamene pandikwiyitsa mpaka lero. Wochita alignment kwenikweni amamasula nati n'kupotokola ndodo ya rack end ija kuti italike kapena ifupike, tayala liloze kumene liyenera. Ngati mfundo yake ikusewera, pa makina zonse zimaoneka zobiriwira chifukwa galimoto yaima. Ukangotuluka pageti n'kuponda bampu yoyamba, tayala limaloza kumene lafuna. Amene anandichitira uja akanangogwedeza tayala kwa mphindi imodzi akanaona. Sanagwedeze.

Papepala lija pamakhala mawu atatu, ndipo ambirife timangolipinda n'kuliponya m'galimoto. Toe ndi mmene matayala alozera ukawayang'ana uli pamwamba, ngati mapazi a munthu, zala kuyang'anizana kapena kutayana. Camber ndi kupendekeka kwa tayala ukaima kutsogolo kwa galimoto, mutu wake kulowa mkati kapena kutuluka kunja. Caster njovutirapo kuiona, koma aliyense amene anapalasapo njinga akuidziwa: foloko yakutsogolo siima njo, imagonera kumbuyo, n'chifukwa chake anyamata akabaza amatha kusiya mahandulo njinga n'kumapitabe molunjika. Pagalimoto caster ndi imene imabweza chiwongolero pakati ukamaliza kukhota.

Pa atatuwa, wakudya matayala msanga ndi toe. Ndinawerengera ndekha pafoni. Tayala likaphonya ndi theka la digiri, zimene diso silingaone, pa kilomita iliyonse limakhala likukhulidwa cham'mbali pafupifupi mamita 9. Kuchoka kuno kukafika ku Blantyre, kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, ndi makilomita pafupifupi 1,700. Ndiye kuti tayala lakwekwerezedwa cham'mbali pa phula makilomita 15 pa ulendo umodzi, ngati chikwanje pa mwala wonolera. Ukaliyendetsa chikhatho chopingasa umamva mbali ina kusalala, kubwerera kukukanda ngati mano a sowo.

Pagalimoto ngati yangayi, chimene amasintha mosavuta ndi toe yakutsogolo. Camber kapena caster ikaphonya kwambiri mbali imodzi, nthawi zambiri pali chimene chapindika kapena chatha, kaya shoki, kaya control arm ndi mabushi ake. Kumbuyo kuli chitsulo chimodzi chopingasa chopanda pomasula, ndiye manambala akumbuyo akafiira, funsani chimene chapindika.

Pali chisokonezo china chimene ndimachimva kawirikawiri tikaima ndi anzanga podikira anthu. Wina amati chiwongolero chikunjenjemera akafika 100 kapena 120, akufuna alignment. Kawirikawiri imeneyo ndi balancing, tizitsulo tija amamata pa limu kuti tayala lilemere mofanana mozungulira. Chikamanjenjemera pokhapokha waponda mabuleki, yang'anani ma disc a mabulekiwo. Ndipo galimoto ikamakoka mbali imodzi, yambani mwayeza mpweya matayala asanatenthe, molingana ndi kapepala komata pachitseko cha dalaivala kapena pachivundikiro cha mafuta. Kuyeza n'kwaulere pa filling station iliyonse.

Mashoki ndiye amatha mwakachetechete, munthu n'kuzolowera. Kulemera kwa galimoto kumasenzedwa ndi masipuling'i. Ntchito ya shoki ndi kuletsa sipuling'i kudumphadumpha kuti tayala likakamire pansi. Ikatha, tayala limanjanja ngati mpira, limadyeka mabangamabanga, ndipo pamsewu wa mabampu galimoto imachedwa kuima ngakhale mabuleki ali atsopano. Mukaona mafuta akuyenderera pa shoki, yapita, ndipo posintha musinthe zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere.

Ndalemba izi chifukwa December wayandikira, ndipo ndikudziwa mmene timapakirira tikamapita kumudzi. Filiji, matilesi, zigubu za mafuta ophikira, njinga pamwamba, katundu wa mnzako amene sungamukanire. Galimoto imakhala pansi kumbuyo, mphuno m'mwamba, nyali zikuwalira m'mitengo. Zikatero kutsogolo kumapepuka, chiwongolero chimayandama, shoki ilibenso poyendera, dzenje lililonse likumenya chitsulo pa chitsulo. Alignment imene munachita galimoto ili yopanda kanthu siikhalanso yomweyo. Pakapepala ka mpweya kaja pali manambala ena a galimoto yodzaza, ndipo kulemera kumene galimoto siyenera kupitirira kunalembedwa pa kachitsulo kake. Ine ndinaonapo abale ataima dzuwa lili phwee kupitirira Musina, tayala litang'ambika mkati, ana atakhala pa masutikesi.

Mlamu anasintha ma tie rod end onse awiri ndi bushi imodzi imene anaipeza itang'aluka. Titatero m'pamene tinapita kukachita alignment, kwina, ndipo ndinapempha kuti agwedeze matayala ndikuona asanamangirire zida zawo. Ndinafunsanso pepala loonetsa manambala asanakonze ndi atakonza. Matayala ndinagulanso ena awiri, pangongole.

Panopa Lamlungu lililonse ndikabwera kutchalitchi ndimapinda chiwongolero mpaka kumapeto, kugwada, n'kupisa dzanja mkati mwa tayala lililonse lakutsogolo. M'mizere muli timabampu ta mamilimita 1.6 tosonyeza polekezera, ndipo ndimayang'ana ngati mkati ndi kunja zikutsikira pamodzi. Pakadali pano zikufanana. Sabata ziwiri ndisananyamuke ulendo wa ku Balaka ndidzaikwezanso pa jeke ya mlamu, ndipo filiji ndaganiza zoitumiza pa lole ya transporter.