Lembani 99

M'gulu lathu la anthu okonda kuganiza mwadongosolo, mawu akuti "ndikutsimikiza" ndi oletsedwa. Ukalosera chinthu umatchula peresenti, ndipo mayi ena amalemba m'kope. Zotsatira zikadziwika amakuwerengera mwa njira imene Glenn Brier anakonzera olosera zanyengo mu 1950: amatenga kusiyana kwa zimene unanena (50 peresenti amailemba 0.50) ndi zimene zachitika (1 ngati chinthucho chachitika, 0 ngati sichinachitike), n'kukuchulukitsa ndi kusiyana komweko. Wonena 50 amapeza 0.25 zivute zitani. Nambala ikamakula, manyazi nawo amakula.

Ine ndinali watsopano, ndipo ndinkafuna andione. Ndinadzipereka kuonetsa masamu otchedwa dzina la Monty Hall, amene ankachititsa mpikisano pa kanema ku America, aja anachititsa anthu ophunzira kulembera Marilyn vos Savant, mlembi wa m'magazini amene anawafotokoza, makalata omutsutsa mu 1990, chonsecho wolondola anali iyeyo. Umavundikira makapu atatu, khobidi pansi pa imodzi. Mnzako akasankha kapu, iwe umavundukula ina yopanda kanthu n'kumufunsa ngati akufuna kusintha. Wosintha amapambana kawiri pa katatu, poti kusankha koyamba kumalasa kamodzi kokha pa katatu.

"Pa maulendo 30 wosintha apambana oposa theka. Lembani 99," ndinatero chifuwa chili panja.

Mayi aja anandiyang'anira pamwamba pa magalasi. "Achimwene, mwati 99?"

Ndinati alembe basi.

Poopa kuti angandiganizire chinyengo, makapu aja ndinkawazunguza ngati wamatsenga, mpaka mwiniwakene osadziwanso komwe kuli khobidi. Ndiye ndinkangovundukula iliyonse. Khobidi likati mbee, ndinkati "ulendo uno sitiwerenga," n'kuyambiranso. Kwa ine vuto panalibe.

Titakwanitsa 30, wosintha anali atapambana 14.

Thukuta kamukamu. Ndinayamba kunamizira tebulo kuti ndi lopendekeka. Bambo ena achikulire, amene anali duu nthawi yonseyi, anafunsa mwaulemu wopweteka: "Kodi povundukula paja mumadziwa komwe kuli khobidi?"

Apo m'pamene panagona nkhani. Masamuwo amatheka ngati wovundukula akudziwa komwe kuli khobidi ndipo akulizemba dala. Ukamavundukula mwachisawawa, khobidi limaonekera pokhapokha wosankha ataphonya poyamba, ndipo amenewo ndi maulendo amene kusintha kukanamupindulira. Ine ndinkawataya ndi manja angawa. Otsalawo ankangogawanika pakati ndi pakati, wosintha ndi wokakamira chimodzimodzi.

Mayi aja sanachedwe: 0.99 kuchulukitsa ndi 0.99, yankho 0.9801. Anatsegula masamba am'mbuyo limodzilimodzi, kufufuza ngati alipo amene anaposa pamenepo. Sanamupeze.

Gululi lili ndi kachitidwe kake kodabwitsa. Wolakwa amaimirira n'kunena kuti "ndasintha maganizo," ndipo ena onse amamuwombera m'manja. Ine anandiwombera nthawi yaitali kuposa momwe zimafunikira, wina mpaka likhweru.

Potuluka, mayi aja anandifunsa ngati ndibwerenso sabata yamawa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndithu, koma ndinaona cholembera chili m'mwamba kudikira.

"Lembani 60," ndinatero chapansipansi.