Kupeputsa injini ya kagalimoto kathu ka mpikisano: zimene sikelo inatiuza

Mnzanga wina wa kuntchito kuno ku England ali ndi kagalimoto ka mipando iwiri kamene anadzipangira yekha motsanzira Lotus Seven, ndipo Loweruka lililonse ndimapita kugalaja yake kukamuthandiza kukonzekera mipikisano ya anthu othamangitsa magalimoto pongokonda, osati polipidwa. Galimoto ya mtunduwu anaiyambitsa ndi Colin Chapman mu 1957, ndipo kampani ya Caterham inagula ufulu woipanga mu 1973, koma ambiri amene thumba lawo silingafikire Caterham amawotcherera okha chimango cha mapaipi achitsulo n'kuikamo injini ya galimoto yakale. Popeza kagalimoto kotere kamalemera makilogalamu apakati pa 500 ndi 600 okha, kulemera kwa injini kumamveka paliponse: ponyamuka, pogwira mabuleki, makamaka pokhota, pamene mphuno yolemera imakana kutsatira chiwongolero.

Injini yathu ndi Ford Kent Crossflow, imene inatuluka mu 1967. Ndi yolimba ndiponso yosavuta kukonza, koma thupi lake ndi mutu wake zonse ndi za chitsulo chosungunula chija amati cast iron, chimene chimalemera kuposa aluminiyamu kawiri ndi theka. N'chifukwa chake maganizo athu oyamba anali oichotsa. Tinaganizira za Rover K-series, injini ya aluminiyamu yokhayokha imene Caterham anaigwiritsa ntchito zaka zambiri ndipo kampani ya Lotus inaiika mu galimoto yake ya Elise ya 1996, ngakhale kuti mbiri yake ya kupsa gasiketi ya kumutu imadziwika kwa makaniko aliyense kuno. Tinaganiziranso za injini ya njinga yamoto, monga ya Suzuki Hayabusa ya 1999, imene imabwera ndi giyabokosi yake mkati momwemo. Njira imeneyi ndiyo imachotsa kulemera kochuluka kuposa ina iliyonse, koma ili ndi zake. Njinga ilibe giya yobwerera m'mbuyo. Komanso njinga imapendekeka ikamakhota, motero oyilo amakhalabe pansi pamene pampu imakokera, pomwe galimoto sipendekeka chotero ndipo oyilo amathawira mbali imodzi, pampu n'kuyamba kukoka mpweya; amene sanakonze mwapadera sampu, chibeseni chosungira oyilo pansi pa injini, amaona injini ikufa pangodya yaitali yoyamba. Pamwamba pa zonsezi, kusintha injini kukanatisamutsira m'gulu lina la mpikisano, limene lili ndi anthu a ndalama kuposa ife.

Choncho tinatsala ndi Crossflow yathu, ndipo tinachita chimene tinayenera kuyamba nacho: kumasula chilichonse chomangiriridwa ku injini n'kuchiika pasikelo. Apa m'pamene ndinazindikira kuti kulemera kosavuta kuchotsa sikuli mu injini mwenimweni koma m'zinthu zoikolekera. Batire wamba ya galimoto imalemera makilogalamu 12 kapena kuposerapo, pamene ya lithium yokwana kulizira injini yaing'ono siifika ngakhale makilogalamu atatu. Chitsulo chosonkhanitsa utsi kuchokera m'masilinda tinachisintha n'kuika mapaipi opyapyala. Alternator (chipangizo chopanga magetsi otchajira batire) yaikulu, yopangidwira galimoto yokhala ndi magetsi ambiri, wayilesi ndi chotenthetsera, inalowedwa m'malo ndi yaing'ono, ndipo chigoba cholumikiza injini ndi giyabokosi yathu ya Ford Type 9, chimenenso chinali cha cast iron, tinachipezera cha aluminiyamu. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chinachepetsa mphamvu kapena kulimba kwa injini.

Nkhani ya flywheel, chimbale cholemera chachitsulo chimene chimazungulira kumbuyo kwa injini pamene pamagwira kilatchi, ndiyo inatitengera nthawi yaitali, ndipo ndiyo imene ndimaona kuti anthu ambiri amaimva mwatheka. Kilogalamu imene ili pa chinthu chozungulira imalipiritsa kawiri, chifukwa injini iyenera kuinyamula kupita nayo kutsogolo komanso kuizunguza. Mtengo wachiwiriwu umakula kwambiri m'magiya apansi. Pa giyabokosi yathu, injini imazungulira maulendo 3.65 pa giya yoyamba kuti shafiti yopita kumbuyo izungulire kamodzi, pomwe pa giya yachinayi zimazungulira mofanana. Ndipo popeza mphamvu yosungidwa m'chinthu chozungulira imakwera mochulukitsa liwiro ndi liwiro lomwelo, cholemetsa cha flywheel pa giya yoyamba chimaposa cha pa giya yachinayi nthawi pafupifupi 13. Pa mipikisano yathu, imene ndi yaifupi, yoyambira chiimire ndiponso yodzaza ngodya zothina, phindu lake ndi lalikulu. Pa bwalo lalitali la mizere yowongoka silingaoneke chimodzimodzi. Chinanso n'chakuti chitsulo cha m'mphepete mwa flywheel ndicho chili ndi kanthu, cha pakati sichisintha zambiri.

Tinalakwitsa poyamba. Pofuna kusunga ndalama, tinapereka flywheel yathu yakale ya cast iron kwa munthu wina wa makina osemera zitsulo kuti aipale, ndipo inabwera yopepuka, yonyezimira bwino. Mwamwayi mnzanga anaumirira kuti ipimidwe ndi utoto wounikira ming'alu isanamangidwe, ndipo panapezeka timing'alu pafupi ndi mabowo a mabawuti. M'galimoto ya mtundu wa Seven, flywheel imazungulira pambali penipeni pa mapazi a woyendetsa, ndipo cast iron ikasweka pa liwiro la maulendo 7,000 pa mphindi sipindika, imaphulika n'kuboola chigoba. Tinaitaya n'kugula yosemedwa kuchokera ku chitsulo cholimba cha steel, yopangidwira mpikisano. Nayonso inabwera ndi khalidwe lake: injini siikhazikikanso bwino ikangolira galimoto itaima, ndipo mnzanga anazimitsa kawiri pamzere woyambira asanazolowere kamasulidwe katsopano ka kilatchi.

Pali anzathu ena amene amafika popala thupi la injini ndi kuboola mabowo m'mabulaketi onse. Ine sindigwirizana nazo, chifukwa magalamu ochepa amene amapezeka pamenepo salingana ndi mtengo wa injini yong'aluka. Ndipo m'mipikisano yambiri, kuphatikizapo ya Locost, ya timagalimoto todzipangira totsanzira Seven, imene bungwe la 750 Motor Club limayendetsa ndi injini za Crossflow za 1300cc, malamulo amaika malire a kulemera kotsikitsitsa komanso amatchula zimene munthu angasinthe, kotero kuti wopeputsa mopitirira amauzidwa kubwezeramo zitsulo zolemetsa. Ngakhale zitatero ntchitoyo sinapite pachabe, chifukwa kulemera kumene kunali pamwamba ndi kutsogolo tsopano amakumangirira pansi, pakati pa galimoto. Ife tinachita zofananazo ndi batire, imene tinaichotsa kutsogolo n'kuiika pansi kumbali ya mpando wopanda munthu. Titaimika galimoto pa masikelo anayi, imodzi pansi pa tayala lililonse, tinapeza kuti tayala lakumbuyo lakumanja, kumbali ya woyendetsa, likunyamulabe katundu woposa anzake, ndipo ntchito ya Loweruka likubwerali ndi yosintha msinkhu wa masipiling'i kuti kulemera kugawike bwino.